Mwatsitsa kale giyabokosi, musangosintha klatchi yokha

Funso la lero lachokera kwa achimwene ena a ku Dedza. Ali ndi Freightliner yomwe anagula yogwira kale ntchito, giyabokosi yake ndi Eaton Fuller, imakoka feteleza kuchokera ku Beira kudzera pa boda ya Dedza, pena chimanga ndi mbatatesi kupita ku Blantyre. Akuti klatchi yayamba kusilipa, akafika pa chikweza ali ndi katundu injini imangolira koma thiraki osathamanga, ndipo mkati mumamveka fungo la chinthu chopserera. Makaniko wawo wawalembera pepala lodzadza: klatchi yonse, pilot bearing, clutch brake, foloko, mabushi, input shaft, silo yotchinga oyilo kumbuyo kwa injini, kupala flywheel (chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa injini pomwe klatchi imagwira), master cylinder ndi zina. Nde akufunsa kuti, "Kodi zonsezi nzofunikadi kapena munthuyu akungofuna kundidyera? Ndalama yavuta, ndisinthe ziti ndisiye ziti?"

Achimwene, makaniko wanuyo sakukuberani. Pali ziwiri zitatu pa pepalapo zomwe zikhoza kudikira, ndizitchula, koma zambiri wanena zoona. Pa ntchito ya klatchi ya thiraki yaikulu chomwe chimapweteka thumba si mbale ya klatchi yokha ayi, ndi kutsitsa giyabokosi. Fuller ya magiya 13 imapitirira makilo 300, kuti ituluke muchotse propela, mapaipi a mpweya, giya liva, mawaya, PTO (kabokosi kotenga mphamvu pa giyabokosi kuti kayendetse pampu) ngati ilipo, anyamata agone pansi pa thiraki tsiku lonse, ndipo nthawi yonseyo thiraki yaima, dalaivala mukumulipirabe, katundu amene mukananyamula wapita kwa wina. Nde tangoganizani kubwezera zonsezo, kuyenda miyezi iwiri, kenako n'kutsitsanso chifukwa cha kaberingi kamodzi kamene mtengo wake sufika olo pa dizilo wopitira ku Lilongwe n'kubwera. Zili ngati mwasasula denga, simungasiye phaso lofumbwa n'kufolera udzu watsopano pamwamba pake. Chilichonse chotchipa chimene simungachikhudze giyabokosi ili m'malo mwake, sinthani pano olo chikuoneka chabwinobwino. Chodula chiyezedwe kaye musanagule. Chimene chili kunja choti makaniko akhoza kuchifikira tsiku lililonse, chimenecho ndiye chodikira.

Koma musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, makaniko atsegule kachivindikiro ka pansi pa bell housing, chigoba chomwe klatchi imakhalamo, aone adjustment. Ndikunena izi chifukwa ma klatchi ambiri a Eaton a mtundu wa Easy-Pedal amafuna kuwakonza ndi manja akamatha, ndipo akapanda kukonzedwa release bearing, beringi yomwe foloko imakoka mukaponda pedulo, imakakhala pa zala za folokoyo nthawi zonse, klatchi imakhala ngati munthu waipondako pang'ono, nde imasilipa mbale isanathe. Pakati pa release bearing ndi clutch brake, kambale koimitsa shafuti ya giyabokosi, payenera kukhala mpata wa hafu inchi, pafupifupi mamilimita 13, ndipo ngati yanu ndi yoyendera ndodo, pakati pa zala za foloko ndi beringi pakhale mpata wa mamilimita 3. Mpata wa hafu inchi uja umakonzedwa mkati pa ring ya klatchi, osati pa ndodo za kunja ngati momwe ambiri amachitira pofuna kuti pedulo ingomveka bwino ku phazi. Ngati yanu ndi Eaton ya mtundu wa Solo, ija yodzikonza yokha, ili ndi kachizindikiro pa chivindikiro koyenda kuchoka pa NEW kupita pa REPLACE, kamakuuzani kokha. Komabe mmene mwafotokozeramo, kuti yafika ponunkha pa chikweza, ine ndikuona kuti yapsa ndithu ndipo giyabokosi itsika basi.

Ikatsika, inuyo mukhalepo, musatume mwana. Klatchi yakale imanena chomwe chinaipha. Mbale ikakhala yonyowa ndi oyilo wakuda wonanda ndiye kuti silo ya injini ikudontha. Pressure plate, chitsulo chopanikiza mbale, ikakhala ndi mawanga a buluu ndi ming'alu ing'onoing'ono ndiye kuti inkawotchedwa, kaya ndi phazi la dalaivala kaya ndi adjustment ija. Masipiringi a pakati pa mbale akakhala othyoka kapena akugwedera m'mazenera mwawo, ganizani za pilot bearing yakufa, giyabokosi yosalunjikana bwino ndi injini, kapena dalaivala wokonda kukokera injini pansi kwambiri pa giya yaikulu. Mukapanda kupeza chomwe chinapha yakaleyo chidzaphanso yatsopano, ndipo mudzati sipeya inali yabodza pomwe vuto linatsala mkati momwemo.

Klatchiyo gulani yonse. Pa ma Freightliner ambiri okoka ngolo imakhala ya mainchi 15.5, mbale ziwiri ndi intermediate plate pakati, release bearing imabwera yolumikizidwa kale ku chivindikiro. Zongosintha mbale n'kusiya pressure plate yakale, kapena zokakhomera ma lining atsopano pa mbale yakale, pa kalole ka matani atatu kopita ku msika wa Lizulu mwina munthu akhoza kupulumukirapo, koma pa thiraki yokoka matani 30 kukwera kuchokera ku Tete ayi ndithu, masipiringi a pressure plate yomwe yatenthedwa afooka kale, sagwiranso mwamphamvu. Onaninso mphamvu ya klatchi. Iliyonse ili ndi torque yake yolembedwa, ndipo iyenera kufanana kapena kupitirira ya injini yanu, ngati injini ndi ya 1650 lb-ft musalole kupatsidwa ya 1400 chifukwa yatchipa, imalowa bwinobwino m'malomo koma siikhalitsa. Werenganinso mano a input shaft, shafuti ya kutsogolo kwa giyabokosi yolowa pakati pa mbale, musanapite kukagula, alipo a mano 10 ndi a 14. Pa nkhani ya mtundu wa lining ya mbale, ceramic kapena organic, pa katundu wanuyo ndi zikweza za kwathu kuno ine ndimasankha ceramic, imapirira kutentha, ngakhale imagwira mwadzidzidzi ndipo imadya flywheel kuposa inayo.

Tsopano tinthu ting'onoting'ono tomwe sitifunika n'kukambirana komwe. Pilot bearing ndi kaberingi kokhala pakatikati pa flywheel, kamagwira nsonga ya input shaft. Kamakhala pamalo otentha, palibe poti n'kukathirira girizi, ndipo kakauma mumayamba kumva giya yoyamba ndi rivesi zikukana kulowa, kukukuta, kenako kamadya nsonga ya shafuti, shafuti n'kuyamba kuvina, mbale yatsopano ija n'kusweka pakati. Olo muzungulitse ndi chala kakumveka kosalala, chotsani, ikani katsopano kotseka mbali zonse kopirira kutentha. Clutch brake chimodzimodzi, ndi kambale kakang'ono kokhala pa input shaft kamene kamaimitsa shafuti mukaponda pedulo mpaka pansi kuti giya yoyambira ilowe, poti Fuller ilibe synchro yofananitsa liwiro la magiya. Pano giyabokosi ili pansi ikani yathunthu ija, yodula pakati ija inapangidwira posintha giyabokosi ili m'malo.

Foloko, cross shaft ndi mabushi ake anthu amazinyozera kwambiri. Gwirani folokoyo muigwedeze mmwamba ndi pansi, ikamagogoda ndiye kuti mabushi atha. Yang'anani nsonga za zala zake, zikadyeka mpaka kuphwatalala, kapena chala china chadyeka kuposa chinzake, imakoka beringi mopendekeka, pedulo imalemera, klatchi siimasula bwino, ndipo adjustment mungaikonze bwanji siikhazikika. Zimenezi sizidula, sinthani.

Input shaft ndi yomwe muyenera kuiyesa. Itsukeni ndi petulo kapena dizilo iume, tengani mbale yatsopano muilowetse pa mano aja n'kuiyendetsa ndi dzanja kutsogolo ndi kumbuyo. Iyenera kutsetsereka yokha osakodwa. Kenako yendetsani chikhadabo m'mbali mwa mano, pomwe mbale zakale zinkakhala, mukamva kakhwawa koti chikhadabo chikukodwa, shafuti imeneyo yatha, mbale yatsopano izikakamira momwemo ndipo klatchi izikoka olo mwaponda mpaka pansi. Ubwino wa Fuller ndi woti input shaft imatuluka cha kutsogolo osamasula giyabokosi yonse, ndipo pamakhala kiti imodzi yokhala ndi shafuti, beringi yake, gasiketi, foloko, mabushi, clutch brake ndi pilot bearing pamodzi, nthawi zambiri imatchipirapo kusiyana ndi kugula chimodzichimodzi. Thiraki yoti munaigula yoyenda kale ndipo mbiri yake simukuidziwa, ine ndikhoza kungotenga kitiyo. Koma mano akapezeka osalala, nsonga yosadyeka, beringi yosagwedera, shafutiyo isiyeni, ndalama imeneyo ipite kwina.

Flywheel ndi pomwe anthu ambiri amaluzira klatchi yatsopano, ndipo ndikupemphani musathamangire. Mukaipukuta muiyang'ane padzuwa. Tim'ng'alu ting'onoting'ono ta pamwamba ndi mawanga a kutentha zimachoka poipala. Koma mng'alu wozama woti chikhadabo chikulowa, kapena wofika pa mabowo a mabawuti kapena m'mphepete, imeneyo ndi yotaya, siwotcheredwa, chitsulo cholemera chonchija chikasweka chikuzungulira chimaboola housing ndipo chikhoza kupha munthu. Kupala kwake kukhale kwa pa makina ku machine shop, ku Lilongwe ndi pafupi, makilomita 85 okha kuchoka pa Dedza boma, inyamuleni m'mawa madzulo mwabwera nayo. Zotenga grinder ya pamanja kapena sandipepa n'kumati tayeretsa, kumeneko n'kuwononga, nkhope yake imatsala ndi mapiri ndi zigwa zosaoneka ndi maso, mbale yatsopano imagwira malo ochepa, imatentha, thiraki imanjenjemera ponyamuka. Afunseni a makinawo ayeze ngati idakali ndi nyama yokwanira, chifukwa flywheel ili ndi malire ake, ikapalidwa kambirimbiri masipiringi a pakati pa mbale amayamba kukhudza mitu ya mabawuti. Kwa anzathu a Fuso ndi Isuzu omwe flywheel yawo ndi yolowa mkati ngati beseni, popala pansi apalenso mulingo womwewo pamwamba pokhala pressure plate, apo ayi klatchi imagwira mofooka kuyambira tsiku loyamba. Muonenso mano a ring gear pomwe sitata imaluma, ngati adyeka nthawi yosintha ndi ino.

Pobwezera flywheel mabawuti amangidwe ndi torque wrench motsatira buku la injiniyo, osati paipi yaitali ndi munthu wamphamvu, ndipo injini zina zimafuna mabawuti atsopano nthawi iliyonse. Ikamangidwa makaniko aike dial gauge, kachida koyezera kuvina kwa chitsulo. Eaton amanena kuti nkhope ya flywheel isavine kupitirira mamilimita 0.2, bowo la pilot bearing lisapitirire 0.13, ndipo flywheel housing nayo, nkhope ndi mkombero wake, isapitirire 0.2. Ndi ntchito yosatenga olo ola limodzi koma ndi ochepa amaichita, pomwe thiraki yomwe imadya klatchi chaka ndi chaka nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo, housing inadyeka chifukwa mabawuti a giyabokosi anayendapo ali omasuka. Gauge ili pomwepo akankhe crankshaft kutsogolo ndi kumbuyo ndi chitsulo aone ngati ma thrust washer, oletsa crankshaft kusewera chotero, sanathe. Makaniko wanu akakhala alibe gauge abwereke, musachite naye manyazi.

Pa silo ya kumbuyo kwa injini amakaniko timasiyana maganizo. Ena amati ngati ndi youma musaikhudze, ena amati sinthani basi. Ikakhala yonyowa olo pang'ono palibe zokambirana, oyilo pa mbale ya klatchi ndi imfa yake. Ikakhala youma koma injini yayenda kwambiri ndipo simukudziwa kuti inasinthidwa liti, ine ndimati sinthani, koma pokhapokha pali silo yeniyeni ndi chida chake cholowetsera. Ma silo a Cummins a mtundu wa Teflon amalowa ouma pa crankshaft yoyera yopanda oyilo, a Detroit Series 60 amabwera ndi sleeve yake ndipo zimalowa pamodzi ndi chida chapadera. Silo yatsopano yokhomedwa ndi hamala ndi chisulo imadontha kuposa yakale yomwe inali chete, nde ngati chidacho palibe ndipo yakaleyo ndi youma gwaa, bola kuisiya. Komanso onani paipi yopumira injini, ikatsekeka kapena injini ikamatulutsa utsi wambiri pamenepo, mpweya wa mkati umakankha oyilo kudzera pa silo ina iliyonse, yatsopano ndi yakale yomwe. Mbali ya giyabokosi, ma Fuller ambiri kutsogolo alibe silo ya labala, oyilo amabwezedwa ndi tinjira ta mu chivindikiro cha beringi, nde pamenepo sinthani gasiketi ndipo musadzazitse oyilo. A ZF ndi magiyabokosi ena okhala ndi silo pa input shaft, isinthidwe limodzi ndi klatchi.

Zomwe zikhoza kudikira ndi za kunja. Master cylinder ndi slave kapena booster, zotumiza mphamvu ya pedulo ku foloko, ngati sizikudontha ndipo pedulo siikumira yokha mukaigwira, zisiyeni, tsiku lomwe zidzavute ndi ntchito ya maola ochepa giyabokosi osaikhudza. Mungosintha fluid yekha, ndi wotchipa ndipo wakale amakhala atamwa madzi, koma werengani pa chitsekero kaye chifukwa mathiraki ena safuna brake fluid, amafuna mineral oil, mukasakaniza malabala onse amafufuma. Ma universal joint a propela, centre bearing, sitata, zonsezi zigwedezeni muzione poti zili kale pansi, koma ngati zili bwino zibwerere. Ma mounting a kumbuyo kwa injini okha ndiwo ndinganene kuti ngati labala wang'ambika sinthani pano, chifukwa mounting yakufa imanjenjemeretsa thiraki ponyamuka mpaka munthu kumaganiza kuti klatchi yatsopano ndi yoipa. Oyilo wa giyabokosi mukamukhetsa yang'anani maginito a pa bawuti yokhetsera, fumbi lachitsulo losalala ndi labwinobwino, tizidutswa toti mukhoza kutigwira ndi zala ndiye kuti mkati muli nkhani ina.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi Volvo ya I-Shift, Scania ya Opticruise kapena Actros ya PowerShift, magiyabokosi osintha okha magiya, nkhani ndi yomweyi koma onjezerani ziwiri. Pa I-Shift silinda yokankha klatchi imakhala mkati mwa bell housing, nde imeneyo si ya kunja, isinthidwe limodzi ndi klatchi. Ndipo mukamaliza pamafunika kompyuta kuti giyabokosi iphunzire klatchi yatsopano, mukalumpha pamenepo imagwira molakwika n'kuyamba kudzidya yokha.

Pobwezera ndi pomwenso klatchi yatsopano imafera isanayende olo kilomita. Mbale zilunjikitsidwe ndi alignment tool kapena input shaft yakale, ndipo mbale iliyonse ili ndi mbali yake yoyang'ana ku flywheel, zinalembedwa pa mbalepo. Mabawuti a chivindikiro amangidwe pang'onopang'ono modumphadumpha, kenako muchotse timitengo kapena mabawuti omwe klatchi imabwera nawo ogwira masipiringi. Giyabokosi ilowe yokha ili pa jeke yake, ikakana musaikoke ndi mabawuti a bell housing, ndipo isalendewere pa mbale olo kamphindi, makilo 300 aja amapinda pakati pa mbale nthawi yomweyo. Girizi wambiri pa mano a shafuti ayi, amamwazikira pa mbale. Fumbi la mu bell housing musalipemerere ndi kompuresa, ma lining ena amakhala ndi asbestos, pukutani ndi nsanza yonyowa. Ndipo chonde, kwathu kuno malo ambiri ndi otsetsereka, pezani pamalo athyathyathya olimba, matayala atsekedwe kutsogolo ndi kumbuyo, batire lichotsedwe, zotsitsa giyabokosi ndi zingwe ndi zipika munthu ali pansi pake musalole pa thiraki yanu.

Chomaliza pa pepala langa chomwe makaniko wanu sanalembe ndi dalaivala. Mukhale naye pansi mwaulemu. Thiraki yodzadza inyamuke ndi giya yotsika yoti ichoke popanda kuponda mafuta, osati kuyambira pa giya yachitatu kapena yachinayi n'kumaikokera ndi klatchi. Pa mzere wa pa boda kapena pa rodibuloko ya pa chikweza agwire ndi mabuleki, osaigwira ndi klatchi theka. Phazi lichoke pa pedulo akangosintha giya. Thiraki ikuyenda asaponde mpaka pansi, kumeneko ndi komwe clutch brake imafera. Nthawi ya mvula akatitimira m'minda ya mbatatesi ku Bembeke kapena ku Tsangano, aitane thirakitala kapena atsitse katundu, kugwedeza kutsogolo ndi kumbuyo kuja kumatha klatchi tsiku limodzi. Choopsa kwambiri ndi kutsika mtsetse ngati wa Khwekhwelere wopita ku Golomoti giya yotsika ili mkati klatchi ataiponda kuti asunge mafuta. Pamenepo matayala ndi amene amazungulitsa mbale kudzera mu giyabokosi, pa liwiro loposa kutali lomwe injini ingafike, lining imaphulika n'kumwazika, ndipo thiraki imatsala yopanda injini yoigwira pa mtsetse, mabuleki okha.

Ndalama ikakhala yochepadi, dongosolo lake likhale lotere. Klatchi yathunthu ya dzina lodziwika ngati Eaton, Sachs kapena Valeo, pilot bearing, clutch brake, foloko ndi mabushi, kupala flywheel, izi zisasowe. Silo ndi input shaft zitengere zomwe mwapeza mutatsegula. Za kunja zidikire mwezi wamawa. Ngati ndalama siikukwana olo pa zoyambazo, ine ndingakonde thiraki iime sabata ina muzisonkhanitsa kusiyana ndi kuika klatchi yopanda dzina pa flywheel yosapala, chifukwa ikakafera kuseri kwa boda ku Mozambique ndi katundu wa eni, ndalama yokokera yokha ipitirira zonse zomwe munasunga. Muuzeni makaniko akusungireni zakale zonse muzione, lembani makilomita a tsiku lomwe mwasintha mu kabuku ka thiraki, release bearing ndi mabushi a cross shaft zizilandira girizi pa sevisi iliyonse, ndipo thiraki ikayenda maulendo angapo oyamba ibwere makaniko ayezenso mpata wa hafu inchi uja.